KODI CITHUNZI CA M'CIFUWA CINENA ZONSE?

Tikamba makamaka ndi inu a ku Samanga ndi ku Hauna m'cigwa ca Honde, inu a m'makomboni a ku Aberfoyle ndi ku Katiyo, ndi inunso a ku Chipinge amene muthyola tiyi m'minda ya Tanganda. Ambiri a inu makolo anu anacokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Milange kapena ku Tete, ndipo ndi cifukwa cace tikamba m'cinenero cathu. Nkhani ya lero ndi ya makina aja ojambula m'cifuwa, amene dzina lao ndi X-ray. Funso lathu ndi ili: munthu akajambulidwa, dotolo nanena kuti cithunzi ciri bwino, kodi mlandu watha?

Tiyerekeze mkulu wina wa zaka 60 amene wagwira nchito ya tiyi moyo wace wonse. Fodya anayamba kusuta akali mnyamata, fodya uja wopicira m'pepala amene kwathu timati cingambwe, ndipo kuno amati chimonera. Tsono wakhala ali kutsokomola miyezi iwiri, nsima siimkoma, ndipo lamba wa buluku wayamba kumkulira. Ana ace asonkha ndalama, amkweza basi, ajambulidwa. Dotolo ayang'ana cithunzi nati saona kanthu. Mkuluyo abwerera kwao mokondwa, nauza anzace pabwalo kuti makina amuunika mpaka m'kati ndipo alibe nthenda. Kutsokomola kukapitirira iye saganizanso zobwerera kucipatala, pakuti ati, makina sanama. Inde makina sanama. Koma makinawo saona zonse, ndipo pali nthenda imodzi imene idziwa kubisala, ndiyo khansa ya m'mapapo. Anzathu olankhula Cishona khansa amati gomarara, ndilo dzina la kacomera kaja kophuka pa nthambi ya mtengo wina nikayamwa madzi ace kufikira mtengowo uuma. Dzinalo anasankha bwino ndithu.

Tiyambe taona m'mene cithunzico cipangidwira. M'caka ca 1895, mphunzitsi wina wa ku Germany dzina lace Wilhelm Röntgen, wa mu mzinda wa Würzburg, anapeza kuwala kwina kosaoneka ndi maso kumene kupyola mnofu wa munthu, koma kulephera kupyola bwino mafupa. Anaika dzanja la mkazi wace pakati pa kuwalako ndi mbale yojambulira, ndipo panatuluka mafupa a zala pamodzi ndi mphete. Kufikira lero macitidwe ace ndi omwewo. Muimirira, mugunditsa cifuwa pa thabwa, wojambula akuuzani kukoka mpweya ndi kuugwira, ndipo kuwalako kulowa kumsana nikuturukira kutsogolo. Pamene pali mpweya, monga m'mapapo abwino, paoneka pakuda. Pamene pali fupa, mtima, madzi kapena cotupa, paoneka potuwa kapena poyera.

Cinenero cathu pano citithandiza koposa Cingerezi. Ife mau akuti cithunzi tiwachula pa zinthu ziwiri: cojambulidwa pa pepala, ndi cija cimene citsata munthu poyenda padzuwa. Ca X-ray ndi ca mtundu waciwiriwo. Yesani usiku uno: yatsani nyali, muike dzanja patsogolo pa khoma. Tsono ikani khobidi kuseri kwa cikhato. Pakhomapo muona dzanja lokha. Khobidi liripo, koma cithunzi ca dzanja calimeza. Momwemonso cifuwa ca munthu, cimene ciri ndi kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, cipanikizidwa conse pa pepala limodzi lathyathyathya. Nthiti zakutsogolo zigwera pa nthiti zakumbuyo, mtima ugwera pa msana, ndipo ciriconse cokhala kuseri kwa cinzace cisowa.

Madotolo adziwa malo anai amene cotupa cikonda kubisalako. Oyamba ndi kuseri kwa mtima, mbali ya kumanzere. Aciwiri ndi pamwamba peni peni pa mapapo, pamene mafupa aja opingasa pansi pa khosi akomana ndi nthiti zoyamba. Pamenepo mafupa athithikana ngati nkhuni pa mtolo. Acitatu ndi pakati, pa tsinde la mapapo, polowera misempha ikuluikulu ya magazi ndi njira za mpweya, pamene cotupa cifanana ndi msempha wotukuka pang'ono. Acinai ndi pansi, kuseri kwa mnofu uja wolekanitsa cifuwa ndi mimba, umene ukwera ngati mphika wovundikira. Malo onsewa mukawaphatikiza si gawo laling'ono la mapapo iai. Cithunzi caciwiri cojambula ca m'mbali cithandiza kusuzumira kwina mwa malowa, koma sicijambulidwa kwa munthu aliyense.

Cinanso ndi kukula kwa cotupaco. Cotupa cosakwana sentimita imodzi, ndiko kukula kwa njere ya mtedza, kawirikawiri sicioneka pa X-ray. Mungati, kanthu kakang'ono cotero kali ndi nchito yanji? Tiyeni ticite masamu a m'kalasi. Khansa iyamba ndi kagawo kamodzi kakang'onong'ono ka thupi, kamene ophunzira amati selo. Kameneko kagawika nikakhala tiwiri, tiwirito tikhala tinai, tinai tikhala 8, ndi kumangowirikiza cotero. Kuti cifike pa msinkhu wa njere ya mtedza, ciyenera kuwirikiza nthawi ngati 30, ndipo pamenepo maselo apyola mamiliyoni 1,000. Ndiko kunena kuti tsiku limene cithunzi ciyamba kuona cotupa, cotupaco si mlendo wofika dzulo. Cakhala m'nyumbamo nthawi yaitali. Ndipo mnofu wa mapapo sumva kuwawa monga khungu, kotero kuti mwini nyumba sanadziwe kanthu.

Sitiiwalanso maso a munthu woyang'ana cithunzico. Iye akhoza kukhala katswiri, koma akaona zithunzi zambirimbiri pa tsiku limodzi maso alema. Wodwala akalephera kukoka mpweya wokwanira, kapena akapendekeka pojambulidwa, cithunzi cituluka cosokonezeka. Apa sitiri kunyoza madotolo. Kapitao wodziwa nchito yace nayenso nthawi zina aphonya tsamba lokhwima m'dengu.

Nanga cithunzi ciphonya kangati? Ophunzira a pa yunivesite ya Leeds ku England anasonkhanitsa mafufuzidwe amene anacitika kale, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2019. Mwa anthu 100 amene anali ndi zizindikiro ndipo pambuyo pace anapezeka ndi khansa ya m'mapapo, X-ray inaonetsa kanthu kokayikitsa mwa 77 kufikira 80. Enawo, ndiwo mmodzi mwa asanu kapena kupyolapo pang'ono, cithunzi cao sicinaulule nthendayo. Taganizani: uko ndi ku dziko la makina abwino ndi akatswiri oculuka. Ciwerengero cimeneci cinena zinthu ziwiri, ndipo tisataye ciriconse. Coyamba, X-ray ndi cida cabwino, cotsika mtengo, cofulumira, cogwira anai mwa asanu. Munthu wokana kujambulidwa adzimana thandizo lenileni. Ena aopa kuti kuwalako kuononga thupi, koma mphamvu ya cithunzi cimodzi ca m'cifuwa siiposa imene thupi lilandira lokha kucokera m'nthaka ndi kumwamba pa masiku 10. Caciwiri, mau akuti “sitinaone kanthu” sali amodzi ndi mau akuti “mulibe kanthu.”

Pali funso lina losiyana ndi limeneli. Bwanji osajambula anthu onse osuta fodya caka ndi caka, asanayambe kudwala, kuti nthenda igwidwe msanga? Maganizo amenewa amveka anzeru, ndipo madotolo anawayesa. Ku Mayo Clinic, m'dziko la America, kuyambira 1971, anatenga amuna osuta 9,211 nawagawa pawiri. Gulu lina analijambula ndi kupima makhololo ace miyezi inai iriyonse kwa zaka 6. Linalo anangolilangiza kupimitsa kamodzi pa caka. M'gulu lojambulidwa kawirikawiri anapeza khansa zoculukirapo, 206 poyerekeza ndi 160. Koma powerenga amene anafa ndi nthendayo anapeza 122 m'gulu loyamba ndi 115 m'gulu laciwiri. Kujambula kwambiri sikunacepetse maliro. Anayesanso ndi khamu lalikulu koposa, anthu 154,901, ndipo zotsatira zace zinaturuka mu 2011: patapita zaka 13, mwa ojambulidwa caka ndi caka anafa 1,213, mwa osajambulidwa anafa 1,230. Kusiyana kwace nkosanunkha kanthu. Cifukwa cace ndi cija tanena: pamene X-ray iona cotupa, nthawi zambiri mbeu zace zamwazika kale.

Makina amene anasintha nkhaniyi ndi a CT. Anawapanga Godfrey Hounsfield wa ku England, ndipo wodwala woyamba anaunikidwa ku London mu 1971. Masamu ace ena anawakonza Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1979. Makinawa azungulira munthu ali cigonere, najambula thupi m'magawomagawo monga mai adula nthoci m'mapisi. Motero palibenso cobisala kuseri kwa mtima, ndipo ngakhale kanthu konga njere ya mapira kaoneka. Ku America anayesa anthu 53,454 osuta kwambiri, a zaka 55 kufikira 74, ena ndi CT ena ndi X-ray. Mu 2011 analengeza kuti m'gulu la CT imfa za khansa ya m'mapapo zinacepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kufufuza kwina kwa ku Netherlands ndi Belgium kunabvomereza zomwezo mu 2020.

Komatu diso lakuthwa liri ndi msampha wace. Pa kuyesa kwa ku America kuja, pafupifupi kuunika kumodzi mwa kunai kunaonetsa kanthu kokayikitsa, ndipo mwa zokayikitsa 100, zoposa 96 sizinali khansa konse. Anthu anasowa tulo, ena analasidwa singano m'cifuwa, cifukwa ca zipsera zopanda vuto. Ndipo kuti apulumutse munthu mmodzi anayenera kuunika anthu 320. X-ray icimwa pa kusaona. CT icimwa pa kuona zambiri. Ife a kuno tiyeneranso kukumbukira kuti makina a CT apezeka m'mizinda ikuluikulu, ndipo mtengo wace si wa munthu wolandira malipiro a m'munda wa tiyi.

Tsono tifike pa bvuto lathu leni leni, limene a ku England ndi America alibe kweni kweni. Kuno kwathu cithunzi cikaonetsa mtambo m'mapapo, aliyense ayamba waganiza za cifuwa cacikulu, TB. Ndipo sacimwa poganiza cotero, pakuti TB ndi yoculuka pakati pathu kuposa khansa ya m'mapapo kutali. Tsoka lace ndi lakuti nthenda ziwirizi zibvala malaya amodzi. Zonse ziwiri zitsokomoletsa, ziondetsa, zilavulitsa magazi, zidzetsa madzi m'cifuwa. Zonse ziwiri zikonda kumtunda kwa mapapo, ndipo zonse zikhoza kuboola mphako imene pa cithunzi ioneka cimodzimodzi. Cithunzi cinena kuti pali kanthu, koma dzina la kanthuko sicinena.

Mankhwala a TB amwedwa miyezi 6. Munthu wa khansa akaikidwa pa mankhwalawo molakwa, miyezi imeneyo ipita, iye ali kumwa mokhulupirika mapiritsi osakhudza nthenda yace, ndipo cotupa ciri kukula. Akafika kumapeto osacira, ena ayamba kumnena kuti anali kudumphitsa mankhwala, ena kuti walodzedwa ndi mnzace wolimbirana naye ukapitao. Zimenezi madotolo a m'maiko ambiri a TB azilemba kawirikawiri. Thandizo lace liripo. Kuyambira m'caka ca 2010 bungwe la World Health Organization linabvomereza makina a GeneXpert, opima makhololo ndi kupeza kacirombo ka TB m'maora awiri. Makhololo akaonetsa kacirombo, nkhani yamveka. Akapanda kuonetsa, nthawi zina dotolo ayambitsabe mankhwala cifukwa ca cithunzi ndi zizindikiro, ndipo kutero nkololeka, pakuti TB yina siionekera m'makhololo. Koma wodwala wotere ndiye wofunika kumyang'anitsitsa. Munthu wa TB yeniyeni akamwa mankhwala mwezi umodzi kapena iwiri, kutentha thupi kuleka, cilakolako ca cakudya cibwera, sikelo iyamba kukwera. Zikapanda kutero, pafunika kufunsanso ngati dzina la nthenda linali loona. Cenjerani, abale: sitiri kunena kuti muleke mankhwala mwa inu nokha. Kuleka mankhwala a TB panjira ndi ngozi kwa inu ndi kwa a m'nyumba mwanu. Tiri kunena kuti mubwerere kwa anamwino ndi kuwauza poyera kuti simuli kupeza bwino.

Masiku ano zithunzi zina ziwerengedwa ndi kompyuta, makamaka m'magalimoto aja oyendera midzi kufunafuna TB. Bungwe lomwe lija linabvomereza zimenezi mu 2021. Ndi nchito yabwino. Koma kompyutayo anaiphunzitsa makamaka kusaka TB, ndipo ikati mulibe TB, yayankha funso la TB lokha.

Pali enanso pakati panu amene asanabwere ku tiyi anagwira nchito m'migodi ya golidi, kuno ku Zimbabwe kapena ku Joni. Fumbi la miyala lisiya timadontho ndi zipsera m'mapapo, ndipo TB yakale nayonso isiya zace. Pa cithunzi ca munthu wotere pali kale zolembalemba zambiri, kotero kuti cotupa catsopano cilowa pakati pa izo ngati mbuzi yacilendo m'khola lodzaza. Nkhani imeneyi si yatsopano m'dziko lino. M'caka ca 1957 dotolo H. S. Osburn analemba za kuculuka kwa khansa ya m'mapapo pakati pa anchito a m'migodi ya golidi ya ku Gwanda. Mu 1968 dotolo Michael Gelfand ndi anzace, mu mzinda umene lero ndi Harare, anaonetsa kuti Aafrika odwala nthendayi ambiri anali osuta fodya, monga momwe Richard Doll ndi Bradford Hill anapezera ku London mu 1950. Amene amati iyi ndi nthenda ya Azungu okha anatsutsidwa kalekale. Ndipo si osuta okha: utsi wa nkhuni m'khichini yopanda zenera ubvulaza mapapo a amai, ndipo munthu wokhala ndi kacirombo ka HIV akhoza kudwala khansayi akali wamng'ono msinkhu.

Nanga cimene citsimikiza nciani? Si X-ray, ndipo ngakhale CT siitsimikiza. Umboni womaliza ndi kacidutswa ka cotupaco kuikidwa pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Dotolo akatenga polowetsa kapaipi kowala kudzera m'mphuno kapena m'kamwa kufikira m'njira za mpweya, kapena ndi singano yolasa pakati pa nthiti, kapena pocotsa mwanabele wotupa m'khosi. Nchito zotere sizicitika pa kiliniki ya pa esiteti. Njira yace iyambira pa kiliniki, ipita ku cipatala ca boma ca ku Hauna kapena ca ku Chipinge, kenaka ku cipatala cacikulu ca ku Mutare, ndipo pofunika akatswiri a khansa ifika ku Parirenyatwa mu Harare, ulendo wa makilomita oposa 250 kucokera ku Mutare. Ndi ulendo wautali ndi wodya ndalama, sitibisa. Koma cotupa copezeka cikali cacing'ono, cisanamwazike, cikhoza kudulidwa munthu nakhala zaka zambiri. Copezeka mocedwa madotolo angocepetsa ululu wace ndi kutalikitsa masiku.

Tibwerere kwa mkulu wathu uja. Akadakhala mbale wanga ndikadamuuza kuti: Bambo, cithunzi cija cinali mboni imodzi, ndipo mfumu siigamula mlandu ndi mboni imodzi pamene wodandaula akali kulira. Kutsokomola kukapyola masabata atatu kucokera tsiku lojambulidwa, bwererani. Mukaona magazi m'makhololo ngakhale kamodzi, musadikire masabatawo. Mau akasasa osabwerera, phewa likamawawa usiku popanda cobvulaza, nsonga za zala zikayamba kufufuma zikhadabo nizipindika, nkhope ikamatupa m'mawa, cibayo cikabwera kawiri mbali imodzimodzi, zonsezi nenani. Munthu wosuta wopyola zaka 50 akadwala cibayo, madotolo alangiza kujambulanso patapita masabata 6, cifukwa mtambo wa cibayo uyenera kukhala utacoka. Ukatsalira, pangakhale cina kuseri kwace. Ndipo pofotokoza musabise za fodya pocita manyazi. Nenani caka cimene munayamba, ndudu zingati pa tsiku, migodi imene munagwirako. Dotolo wodziwa zimenezi ayang'ana cithunzi comweco ndi maso ena. Za kuleka fodya tidzakamba tsiku lina, koma dziwani kuti woleka, pakatha zaka 10, ngozi yace ya khansayi itsika kufika ngati theka la ya mnzace wosutabe.

Kanthu kotsiriza nkakang'ono, koma madotolo akakonda kwambiri: cithunzi cakale. Kadontho kokayikitsa kakaoneka lero, dotolo afuna kudziwa ngati kanalipo kale. Kakakhala kosasintha zaka ziwiri, kawirikawiri ndi cipsera cabe. Kakakhala katsopano kapena kokula, afulumira nako. Cifukwa cace musataye cithunzi canu, kapena kupatsa ana kuti aseweretse. Cigwa ca Honde nca mvula ndi nkhungu, ndipo cinyezi ciononga zithunzi. Cisungeni m'envulopu yace, cosapinda, pansi pa zobvala m'sutikesi, pamodzi ndi kabuku ka kucipatala. Ngati cipatala cijambula pa kompyuta osapereka pepala, pemphani kuti alembe m'kabukumo tsiku ndi zimene aona, ndipo mwana amene ali ndi foni ajambule tsambalo. Tsiku lopitanso kucipatala, zonsezi zikhale m'thumba pamodzi ndi ndalama ya basi.